Dubai, Istanbul, Paris Kapena Cape Town: Mzinda Woyenera Abwenzi Ofuna Ulendo Wapamwamba

Abwenzi 6 kapena 8 akagwirizana zosonkha ndalama kuti akasangalale sabata yathunthu mumzinda waukulu, mkangano umayambira pa hotela, chonsecho nkhani yofunika kuyamba nayo ndi ya mzinda. Hotela yapamwamba imapezeka mumzinda uliwonse wotchuka, ndipo bedi labwino la ku Dubai silisiyana kwenikweni ndi bedi labwino la ku Paris. Chimene chimasiyana ndi mmene mzinda umalandirira anthu obwera ambiri nthawi imodzi. Kodi onse angakhale patebulo limodzi madzulo? Kodi angachoke pamalo ena kupita pena osagawikana m'magalimoto atatu? Nanga amene watopa masana angabwerere kukagona popanda kuimitsa anzake onse? Munthu woyenda yekha amapirira zambiri zimene gulu silingapirire, chifukwa pagulu kuchedwa kwa mmodzi kumakhala kuchedwa kwa onse. N'chifukwa chake poyerekeza mizinda inayiyi ndikuyang'ana makamaka chinthu chimodzi, chomwe ndi kuchuluka kwa maola okhalira pamodzi mwamtendere amene ndalama zanu zingakugulireni.

Mwa inayi, Dubai ndi umene suvutitsa gulu. Mbali yaikulu ya mzindawu ndi yatsopano ndipo inamangidwa n'cholinga chokopa alendo, moti mahotela ndi akuluakulu, zipinda n'zotakasuka, ndipo malesitilanti sadabwa mukapempha tebulo la anthu 10. Nsanja ya Burj Khalifa, yaitali mamita 828, imene inatsegulidwa mu 2010, ili ndi malo oonerapo mzinda pansanjika ya 124 ndi 125, komanso ena pansanjika ya 148 amene tikiti yake ndi yodula koma anthu ake ndi ochepa. Umu ndi mmene Dubai yense alili: pafupifupi paliponse pali khomo lachiwiri la amene walipira zambiri. Ngakhale sitima yamumzinda, imene inayamba kuyenda mu 2009 ndipo imayenda popanda woyendetsa, ili ndi mbali ya Gold Class ya ofuna kukhala motakasuka. Palinso mwambo wa m'mahotela wa chakudya chachitali chamasana cha kumapeto kwa sabata, chimene mtengo wake pamunthu aliyense umadziwikiratu. Kale chinkachitika Lachisanu, koma dziko la United Arab Emirates, kumene kuli Dubai, litasintha masiku opuma mu 2022 mahotela ambiri anachisamutsira Loweruka. Kwa abwenzi amene safuna kuwerengerana kuti wadya nkhanu ndani ndipo wamwa madzi okha ndani, dongosolo limeneli limachotsa manyazi ambiri.

Koma Dubai si mzinda woyendamo wapansi. Unatambalala m'mbali mwa nyanja motsatira msewu waukulu wa Sheikh Zayed Road, ndipo gulu limene lasankha kugona pachilumba chochita kupanga cha Palm Jumeirah, kumene kuli hotela ya Atlantis imene inatsegulidwa mu 2008, lidzathera nthawi yambiri m'galimoto popita ndi pobwera ku Burj Khalifa, makamaka madzulo anthu akamaweruka. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kutentha kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri, ndipo mitengo ya zipinda imatsika pa chifukwa chomwecho. Amene akopeka ndi kutsika kwa mitengoko adziwe kuti adzaona mzindawo kudzera pawindo. Nyengo yabwino ndi ya pakati pa Novembala ndi Malichi, imenenso ndi yodula kwambiri. Za hotela ya Burj Al Arab, yooneka ngati thanga la ngalawa, imene inatsegulidwa mu 1999, muzimva anthu akunena kuti ndi ya nyenyezi 7, koma palibe bungwe loika mahotela m'magulu limene limapereka nyenyezi zochuluka choncho.

Vuto lina la Dubai limaonekera tsiku lachitatu kapena lachinayi, pamene magalasi, miyala yosalala ndi magetsi zimayamba kufanana. Mankhwala ake ndi kupita kumene mzindawu unayambira, ku Dubai Creek, kukwera kabwato kamatabwa kotchedwa abra kuchoka ku Bur Dubai kupita ku Deira, n'kukayenda m'misika ya golide ndi ya zokometsera zakudya, kenako n'kubwerera kudera lakale la Al Fahidi kumene kudakali nyumba zokhala ndi nsanja zokolera mphepo. Tsiku lina lingathere ku Abu Dhabi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka, kukaona mzikiti waukulu wa Sheikh Zayed ndi nyumba ya zaluso ya Louvre Abu Dhabi imene inatsegulidwa mu 2017. Gulu lokonda zakumwa likumbukire kuti mowa umamwedwa m'malo okhala ndi chilolezo, ndipo kuledzera pagulu ndi mlandu. Pa nkhani ya kulandira alendo, ndinene mosabisa kuti ku Dubai mudzatumikiridwa bwino kwambiri koma simudzacherezedwa kwenikweni, pakuti anthu ambiri okhala mumzindawu, kuphatikizapo amene adzakunyamulireni zikwama ndi kukuperekerani chakudya, nawonso ndi obwera ochokera kumayiko ena.

Istanbul ndi wosiyana ndi Dubai pafupifupi pa chilichonse, ndipo ndi umene umafuna kuganiziridwa mofatsa chifukwa ukhoza kukhala ulendo wokoma kuposa yonse kapena wotopetsa kuposa yonse, malinga ndi kumene mwasankha kugona. Ndi mzinda wa ku Türkiye wa anthu oposa 15 miliyoni, womangidwa pamapiri, wogawidwa pakati ndi madzi a Bosphorus amene amalekanitsa Europe ndi Asia. Zinthu zimene anthu amapitira kumeneko zaunjikana kudera la Sultanahmet, motalikirana mtunda woyenda wapansi. Hagia Sophia inamalizidwa mu 537 mu ulamuliro wa mfumu Justinian monga tchalitchi, inasandutsidwa mzikiti mzindawu utagonjetsedwa mu 1453, inakhala nyumba yosungiramo zinthu zakale m'zaka za m'ma 1930, ndipo inabwerera kukhala mzikiti mu 2020. Kuyambira mu 2024 alendo ochokera kunja amalipira ndipo amaonera m'khonde lam'mwamba. Moyang'anizana nayo pali mzikiti wa Sultan Ahmed wa nsanja 6, ndipo chapafupi pomwepo pali chitsime chapansi pa nthaka cha Basilica Cistern chimene denga lake lagona pa zipilala 336, komanso nyumba yachifumu ya Topkapı.

Poona kuyandikana kumeneku, ambiri amathamangira kugona ku Sultanahmet komweko, ndipo kuli hotela ya Four Seasons imene ili m'nyumba yomwe kale inali ndende. Ubwino wake ndi wakuti mumafika pa Hagia Sophia m'mawa magulu a alendo asanakhamukire, ndipo wotopa amabwerera yekha kuchipinda popanda kufuna galimoto. Kuipa kwake n'kwakuti usiku derali limangoti zii, ndipo malesitilanti ambiri a kumeneko amaphikira anthu amene sadzabweranso. Njira yachiwiri ndi kugona m'mphepete mwa Bosphorus, mwachitsanzo ku Çırağan Palace, nyumba yachifumu ya m'zaka za m'ma 1800 imene inapsa mu 1910 ndipo inakonzedwanso patapita zaka zambiri kukhala hotela. Kumeneko kadzutsa mumadya mukuona zombo zikudutsa, koma mufunsitsitse za chipinda chanu, chifukwa zipinda zambiri zili m'nyumba yatsopano yoyandikana ndi yachifumuyo. Msewu wa m'mphepete mwa madziwo umadzazanso magalimoto koopsa. Njira yachitatu, imene ine ndingalangize gulu la abwenzi, ndi dera la Beyoğlu, kumene kuli Pera Palace imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1890 kuti izilandira apaulendo a sitima ya Orient Express, ndipo chipinda chake nambala 101 chimasungidwa pokumbukira Mustafa Kemal Atatürk, pulezidenti woyamba wa Türkiye. Kuchoka kumeneko mumatsikira ku Karaköy, kumene mumapeza sitima yamumsewu yopita ku Sultanahmet ndi zombo zopita kutsidya la Asia, ndipo usiku simusowa kodyera.

Ku Istanbul ndalama zogulira galimoto yapamwamba zimapita pachabe masana, chifukwa galimoto yodula imaima pamzere womwewo ndi yotchipa. Galimoto yaikulu yokhala ndi dalaivala ndi yofunika pochoka ndi popita kubwalo la ndege la Istanbul Airport, limene lili kutali kumpoto kwa mzinda, koma mkati mwa mzinda chopambana ndi madzi. Chombo wamba chochoka ku Eminönü kapena ku Karaköy chimafika ku Kadıköy m'mphindi pafupifupi 20, anthu akumwa tiyi m'timatambula tagalasi, ndipo gulu likafuna zapadera likhoza kuchita hayala boti lakelake madzulo n'kumadutsa nyumba zamatabwa zakale za m'mphepete mwa Bosphorus dzuwa likulowa. Pa zinthu zonse zimene anthu 8 angagawane mtengo wake mumzindawu, boti limeneli ndi limene limapindulitsa kwambiri. Kadyedwe ka kumeneko nakonso kamakomera gulu, pakuti m'malo odyera otchedwa meyhane amadzaza tebulo ndi timbale tambirimbiri ta tizakudya totchedwa meze timene onse amatapamo, ndipo chakudya chimatenga maola popanda wokuthamangitsani.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza magulu ambiri ku Istanbul. Choyamba ndi masiku otseka: Topkapı imatseka Lachiwiri, nyumba yachifumu ya Dolmabahçe imatseka Lolemba, msika waukulu wa Grand Bazaar wa masitolo pafupifupi 4,000 umatseka Lamlungu, ndipo mizikiti salowetsa alendo nthawi ya mapemphero, makamaka Lachisanu masana. Chachiwiri ndi nyumba zosambiramo za hamam, monga Çemberlitaş imene inamangidwa mu 1584, zimene mwamwambo zimalekanitsa amuna ndi akazi, moti gulu losakanikirana lidzagawikana kwa maola awiri. Akazi anyamulenso mpango wofunda kumutu polowa m'mizikiti, ndipo onse avale nsapato zoyenera misewu yamiyala yokwera ndi yotsika. Miyezi ya Epulo, Meyi, Sepitembala ndi Okutobala ndi imene nyengo imakhala yofatsa.

Za Paris sindichulutsa mawu, ngakhale kuti ndi dzina limene limatchulidwa koyamba anthu akamalota ulendo wapamwamba. Zoti muone zilipo zambiri: nsanja ya Eiffel ya mu 1889, nyumba ya zaluso ya Louvre, nyumba yachifumu ya Versailles, ndi tchalitchi cha Notre-Dame chimene chinatsegulidwanso mu Disembala 2024 pambuyo pa moto wa mu Epulo 2019. Dziko la France lili ndi gulu lapadera la mahotela otchedwa Palace, loposa nyenyezi 5, limene linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo Le Meurice ndi Le Bristol ali m'gululi. Komabe Paris amakomera anthu awiri kuposa anthu 8. Nyumba zake n'zakale, zipinda n'zazing'ono poyerekeza ndi mtengo wake, malesitilanti abwino ambiri ali ndi matebulo ochepa, ndipo angapo amatseka mu Ogasiti eni ake akapita kutchuthi. Malo otchuka amafuna matikiti a nthawi yoikika, kutanthauza kuti mnzanu mmodzi wochedwa kudzuka akhoza kutayitsa onse mwayi wolowa. Gulu la anthu 4 okonda zojambula ndi zophikaphika, amene amasunga nthawi, lidzasangalala. Gulu lalikulu lidzakhala likugawikana tsiku ndi tsiku.

Mphamvu ya Cape Town ili poti mzinda, phiri, nyanja ndi minda ya mphesa zili pafupipafupi. Phiri la Table Mountain, lalitali pafupifupi mamita 1,085, limakwereka ndi ngolo zoyenda pachingwe zimene zinayamba kugwira ntchito mu 1929, ndipo za masiku ano pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18 kuyambira mu 1964, amapita pa boti lochokera kudoko la V&A Waterfront, ndipo pa Waterfront pomwepo pali nyumba ya zaluso zamakono za mu Africa ya Zeitz MOCAA, imene inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya mbewu, yokhala ndi hotela ya The Silo pamwamba pake. Munda wa mphesa wa Groot Constantia unayamba mu 1685 ndipo uli mkati mwa mzinda momwemo, pomwe matauni a minda ya mphesa a Stellenbosch ndi Franschhoek ali pamtunda wa pafupifupi ola limodzi. Msewu wa Chapman's Peak, wosemedwa m'mbali mwa phompho pamwamba pa nyanja, umapangitsa ngakhale nthawi yokhala m'galimoto kukhala mbali ya zosangalatsa.

Chimene chimalamulira ulendo wa ku Cape Town ndi mphepo. M'chilimwe, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa imaimitsa ngolo za paphiri, ndipo nyanja ikakalipa boti la ku Robben Island silinyamuka. Choncho zinthu ziwirizi muziike kumayambiriro kwa ulendo kuti zikalephereka mukhale ndi tsiku lina loyeseranso, ndipo m'mawa umene phiri laoneka lopanda mtambo musiye zina zonse n'kukwera. Madzi a kumagombe a Clifton ndi Camps Bay ndi ozizira kwambiri ngakhale dzuwa likuswa mtengo, moti ambiri amangokhala pamchenga. Mzindawu umafunanso kusamala pa chitetezo: usiku muziyenda pagalimoto, ndipo paphiri musayende mmodzimmodzi. Disembala ndi Januwale kumadzaza anthu atchuthi, pamene Febuluwale ndi Malichi kumakhala kofundabe koma kopepukirapo.

Ku Cape Town n'kumene funso la hotela kapena nyumba yochita lendi limakula. Hotela ngati Mount Nelson, imene inatsegulidwa mu 1899 ndipo imadziwika ndi utoto wake wapinki ndi tiyi wamadzulo, imakupatsani antchito usana ndi usiku, munthu wokupezerani tebulo kumene inu mwalephera, ndiponso mwayi woti aliyense alipire chipinda chake n'kutseka chitseko. Koma m'hotela gulu lilibe pokhala pakepake, ndipo macheza amathera m'chipinda cha mmodzi, ena atakhala pabedi ena pansi. Nyumba yaikulu ya m'mapiri a Camps Bay, yokhala ndi dziwe losambiramo, wokonza m'nyumba ndi wophika wobwera madzulo, imathetsa vuto limeneli, ndipo anthu akachuluka mtengo wa aliyense umatsika. Vuto lake ndi lakuti zipinda za m'nyumba sizifanana. Chimodzi chimayang'ana kunyanja ndipo chili ndi bafa lake, china chili kuseri pafupi ndi khitchini, ndipo ubwenzi wa zaka zambiri ukhoza kuzizira pa nkhani imeneyi ngati simunagwirizane musananyamuke kuti wotenga chipinda chabwino awonjezere ndalama kapena muchite mayere. Mufunsenso ngati nyumbayo ili ndi magetsi apadera, chifukwa South Africa yakhala ndi nyengo za kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana. Ku Istanbul ndi ku Paris ndingasankhe hotela, popeza nyumba zakale zambiri zili ndi masitepe opapatiza ndipo zina zilibe chikepe. Ku Dubai njira yapakati ilipo yambiri, ya nyumba za zipinda zingapo zoyendetsedwa ndi hotela.

Nkhani ya wolondolera alendo imatengeranso mzinda. Ku Istanbul munthu wodziwa mbiri, wokhala ndi chilolezo, amasandutsa miyala ya Topkapı kukhala nkhani yomveka, ndipo kumulemba tsiku limodzi kapena awiri n'kokwanira. Ku Cape Town wofunika kwambiri ndi dalaivala, makamaka tsiku lopita kuminda ya mphesa, kuti pasapezeke mmodzi wongoonerera anzake akulawa vinyo. Ku Dubai simufunikira wolondolera, kupatula pa ulendo wamadzulo wa kuchipululu, umene ndi bwino kulipira kuti ukhale wa gulu lanu lokha kusiyana ndi kuphatikizidwa ndi anthu mazana pamsasa umodzi. Makampani okonza ulendo wonse kuyambira pabwalo la ndege mpaka pobwerera amachotsa mtolo pamutu pa mnzanu amene nthawi zonse amasenza zokonzekera, koma ndandanda zawo zimakonda kudzaza tsiku kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gulu limayenda bwino likakhala ndi chinthu chimodzi chachikulu patsiku chimene onse apita, chakudya chamadzulo cha pamodzi, ndipo maola apakati aliyense achite zofuna zake.

Palinso za ziphaso, zimene zingathetse mkangano musanayambe n'komwe. Paris ali m'dera la Schengen, la mayiko a ku Europe ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo kwa anthu a mapasipoti ambiri viza yake imafuna kukaonekera ku ofesi ndi kudikira masabata. Malamulo a United Arab Emirates, Türkiye ndi South Africa amasiyana malinga ndi pasipoti imene munthu ali nayo, choncho ngati m'gulu muli anthu a mayiko osiyana, aliyense afufuze zake musanalipire chipinda chimene ndalama zake sizibwezedwa.

Ndikaika zonsezi pamodzi, gulu lalikulu la anthu osiyana zokonda, lokhala ndi masiku 4 okha ndipo lofuna kupuma popanda kuganiza zambiri, lipite ku Dubai m'miyezi yozizira. Gulu limene cholinga chake chenicheni ndi kucheza, la anthu amene anabalalika ndipo papita zaka asanakhale pansi pamodzi, lichite lendi nyumba ku Cape Town mu Febuluwale kapena Malichi, libwereke dalaivala, ndipo lisiye masiku awiri opanda ndandanda chifukwa cha mphepo ija. Paris ndingamusiyire anthu 4 kapena ocheperapo. Koma ngati gululo lili ndi miyendo yolimba, masiku 6 kapena 7, ndipo likufuna mzinda umene uli ndi moyo wakewake wosadalira alendo, ine ndingasankhe Istanbul, kugona ku Beyoğlu, kusungitsa boti la pa Bosphorus madzulo a tsiku lachiwiri, ndi kukonza zofika Lachitatu kuti Topkapı, Dolmabahçe ndi Grand Bazaar zonse zipezeke zotsegula masiku oyambirira.